Funsani Aphunzitsi: za "Diso la Mulungu" ndi kadontho ka pakati pake

Makalata a mwezi uno achita ngati adapangana. Mwa asanu ndi awiri amene andipeza kuno ku Ulongwe, anayi akukhudza chithunzi chimodzi chomwe chakhala chikuzungulira pa WhatsApp kuchokera ku Tsangano mpaka ku Furancungo. Choncho bambo a ku Zóbuè amene mudafunsa za ziphaliwali, pepani, mudikireko mwezi wamawa. Mvula isanakhazikike ndikhala nditakuyankhani.

Funso: Aphunzitsi, mlamu wanga wanditumizira chithunzi cha diso lalikulu lili kumwamba, pakati pobiriwira ngati madzi akuya, m'mphepete mofiira. Uthenga wake ukuti ndi Diso la Mulungu, lidajambulidwa ndi a NASA, limaoneka kamodzi pa zaka 3,000, ndipo ndikatumiza kwa anthu asanu ndi awiri zofuna zanga zichitika. Ndatumiza kwa anayi, kenako mtima wayamba kundikayikitsa. Kodi chithunzichi nchoona kapena nchopanga pa kompyuta?
*Mayi wogulitsa mbatatesi, Domwe*

Mayi, atatu otsalawo alekeni, sungani mamega anu. Chithunzicho nchoona. Abodza ndi mawu amene munthu wina adachipachika.

Chinthu mwaonacho akatswiri a zakuthambo amachitcha Helix, ndipo m'kaundula wawo nambala yake ndi NGC 7293. Zoti chimaoneka kamodzi pa zaka 3,000 nzopeka. Chilipo chaka ndi chaka pamalo ake omwewo, ndipo madzulo a Okutobala ndi Novembala chimadutsa pafupifupi paliwombo penipeni pa ife a m'chigawo cha Tete. Mjeremani wina, Karl Ludwig Harding, adachiona kale cha m'ma 1820. Chithunzi chili m'foni mwanucho chidatuluka mu Meyi 2003, ndipo mbiri yake imandikomera. Mu Novembala 2002 dziko lathu linkadutsa m'fumbi lochuluka, lija limachititsa kuti kumwamba kuoneke ngati nyenyezi zikuthothoka. Oyang'anira telesikopu ya Hubble, imene imazungulira dziko m'mlengalengamu, adaopa kuti timiyala tingakande galasi lake, choncho adaitembenuza kuti ilozetse nkhongo ku fumbilo. Itatembenuka chomwecho idapezeka kuti yapenya kumene kuli Helix, iwo nkuti bwanji tingojambuliratu. Poti chinthucho nchotambalala moti Hubble sikadachimeza chonse, adalumikiza zidutswa zake ndi zithunzi za telesikopu ina ya pansi pano, ya ku Kitt Peak ku Arizona. Za zofuna kuchitikazo adawonjezera ndi anthu ena pambuyo pake, poyamba pa imelo, lero pa foni.

Tsopano kulitsani chithunzicho ndi zala ziwiri, monga mumachitira pofuna kuona bwino nkhope ya mdzukulu. Pakati penipeni pa disolo mupeza kadontho koyera, kochepa ngati njere ya mawere. Ambiri amene andilembera asirira mitundu ya m'mphepete, ndipo ndi mmodzi yekha amene watchula kadonthoko. Chikhalirecho ndiko mwini zonse. Chofiiracho ndi chobiriwiracho ndi zovala zimene kanyenyezi kameneko kadavula, ndipo zikuoneka chifukwa iko komwe kakuziunikira.

Kale kadonthoko kadali nyenyezi yonga dzuwa lathuli. Nyenyezi siyaka ngati nkhuni. Pakati pake pali kupsinjika ndi kutentha koopsa moti mpweya wa haidrojeni umaphatikana nkusanduka hiliyamu, ndipo pakusandukapo mpamene pamatuluka kuwala ndi kutentha. Moyo wonse wa nyenyezi ndi kukankhana kwa zinthu ziwiri: kulemera kwake kumene kumaifinyira mkati, ndi moto wa pakati umene umaikankhira kunja. Ziwirizi zikalingana mphamvu, nyenyezi imakhala phee kwa zaka mabiliyoni. Koma nkhokwe, ikule bwanji, imatha. Haidrojeni wa pakati akatha, mtima wa nyenyezi umanyala nkumatentherabe, pamene thupi lake lakunja limafufuma kuwirikiza kambirimbiri, nkufiira. Mtima uja ukafika madigiri 100 miliyoni umayamba kuphika hiliyamu kuti akhale kaboni ndi okosijeni. Kwa nyenyezi za msinkhu wa dzuwa, mphika womaliza ndi umenewo.

Apa nyenyezi imayamba kupuma wefuwefu, kufufuma ndi kuphwa, mpweya wake wakunja nkumachoka pang'onopang'ono. Inu mayi kupeta mumakudziwa kuposa ine: gaga amapita ndi mphepo, mphale nkutsala m'lichero. Sikuti nyenyeziyo imaphulika ayi. Zophulika ndi zikuluzikulu, zolemera kuposa dzuwa kasanu ndi katatu kapena kupitirira apo, ndipo imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Iyi imangovula, zaka zikwizikwi, mpaka mtima wake wotentha uja utatsala poyera. Kuwala kochuluka kochokera mumtimamo nkwa mtundu umene maso athu saona, umene amati ultraviolet. Kukawomba mpweya udatayidwa uja, mpweyawo umayamba kunyezimira. Nyali za chubu zija za m'masitolo ndi m'zipatala zimachita zofananako: mkati mwa chubu mumapangika kuwala kosaoneka, ndiye kumawalitsa ufa woyera wopakidwa pagalasi. Mtundu uliwonse pachithunzipo ukuulula mpweya wake. Kubiriwira kwa mkati ndi okosijeni, kufiira kwa m'mphepete ndi haidrojeni ndi naitrojeni. Kuoneka ngati diso nchifukwa cha mbali imene ife taimako. Munthu wosuzumira mumtondo amaona mkombero wozungulira, koma mnzake woima chapambali amaona mtondo.

Za kutalika kwake, kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Kuchoka padzuwa kufika m'munda mwanu mwa mbatatesi kumatenga mphindi 8 ndi masekondi 20. Kuchoka ku Helix kumatenga zaka pafupifupi 650. Kuwala kwake kumene kukutifika chaka chino kudanyamuka malinga a miyala a Great Zimbabwe akadali likulu la mafumu, Vasco da Gama asanabadwe, amene adafika ku Ilha de Moçambique mu 1498. Mkombero wokhawo, kuti kuwala kuudutse kuchoka mbali ina kufika ina, pamafunika zaka zoposa ziwiri, ndipo ukukulirakulirabe pa liwiro la makilomita pafupifupi 30 pa sekondi. Ulendo wa ku Tete umene shapa imatidyera theka la tsiku, mpweya umenewo ungautsirize inu musanamalize kupereka moni.

Za Mulungu ndimasiyira abambo mfumu ndi abusa, ine ndidali mphunzitsi wa fiziki chabe. Koma kutchalitchi ndimapita ngati inu, ndipo sindidamvepo kuti pemphero limadikira mauthenga asanu ndi awiri a pa foni kuti lifike.

Funso: Aphunzitsi, ndili kalasi 12. Ndawerenga kuti zinthu zoterezi dzina lake ndi nebulosa planetária. Ngati ndi nyenyezi yakufa, mapulaneti akulowamo bwanji? Chachiwiri, nyenyezi ya pakatiyo ikadali kuyaka kapena idazima? Mnzanga akuti chozima sichingawale.
*Mnyamata wa ku Furancungo*

Mwanangu, mapulaneti sakulowamo nkomwe. Dzinalo, limene a Chingerezi amati planetary nebula, ndi cholakwa chimene chidakalamba, ngati dzina lachipongwe la paubwana lomwe limakakamira munthu mpaka imvi. Nebula ndi mawu a Chilatini otanthauza nkhungu. Mfalansa Charles Messier ankasaka nyenyezi za michira, ndipo timitambo tosayenda ta kumwamba tinkamusokoneza, choncho adayamba kutilemba pa mndandanda kuti tisamamupusitse. Mu 1764 adalemba M27, yoyamba ya mtundu uno kupezeka. Mu 1779 adalemba M57, yooneka ngati nkhata ya pamutu, imene amaitcha Mphete. M'matelesikopu a nthawi imeneyo timitamboti tinkaoneka tozungulira, tobiriwirako, ngati pulaneti lozilala, ndipo William Herschel, yemwe adatulukira pulaneti la Uranus mu 1781, ndiye adafalitsa dzinali. Yemweyo mu 1790 adaona kamtambo kena, NGC 1514, kali ndi nyenyezi imodzi pakati penipeni, nazindikira kuti nkhunguyo si nyenyezi zambiri zothithikana koma chinthu china chowala. Adangotembenuza nkhani: iye ankayesa nkhungu ikuundana kuti ibale nyenyezi, pamene ndi nyenyezi ikumwazika.

Amene adamasula mfundo ndi William Huggins wa ku London. Pa 29 Ogasiti 1864 adadutsitsa kuwala kwa NGC 6543, imene amaitcha Diso la Mphaka, m'galasi logawa kuwala, longa lija mudaliona m'kalasi. Zikadakhala nyenyezi, akadaona utawaleza wathunthu. Iye adaona timizere towala towerengeka, chizindikiro cha mpweya wonyezimira. Koma mzere wowala koposa, wobiriwira, sunkafanana ndi wa chinthu chilichonse chodziwika pansi pano, choncho anthu adaganiza kuti apeza elementi yatsopano, nkuipatsa dzina loti nebulium. Usawaseke. Hiliyamu naye adayamba kuoneka padzuwa mu 1868, ndipo pansi pano adapezeka mu 1895. Nebulium yekha ndiye sadapezeke, mpaka mu 1927 pamene Ira Bowen wa ku America adaonetsa kuti ndi okosijeni yemweyu tikupumayu, atathotholedwa maelekitironi awiri, ali mumpweya wopyapyala kuposa umene munthu angaupange m'labotale. M'kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse, nkhungu imeneyo imakhala ndi tinthu mazana kapena zikwi zochepa. Mpweya uli m'mphuno mwakowo, m'kabokosi komweko mumalowa tinthu pafupifupi 25 wotsatidwa ndi maziro 18. Pakati pothinana chonchi okosijeni sapeza mpata wotulutsa mzere wobiriwira uja, mnzake amakhala atamugunda kale.

Mnzakoyo umutengere kukhitchini m'mamawa, mukafukule phulusa la moto wa dzulo. Khala mulipeza, lilibe lawi, palibe akulisonkhezera, koma umuuze aligwire. Nyenyezi za pakatizi zina zikadali kumalizitsa kotsala kochepa pakhungu pake, koma ya Helix ndi ya Mphete zidaleka kale kuphika. Zikuwala ndi kutentha kumene zidasunga. Ndipo kutentha kwake si kwamasewera: pakhungu pa dzuwa ndi madigiri pafupifupi 5,500, pamene pa ziwirizi ndi oposa 100,000. Ufunsa kuti nanga bwanji zikuoneka zozilala chotere. Nchifukwa cha kuchepa. Khala lotere likamaliza kunyala limalingana ndi dziko lathu kukula kwake, koma kulemera kwake kumapitirira theka la dzuwa. Utatapako sipuni imodzi ya tiyi ingalemere matani pafupifupi asanu, ndiwo matumba 100 a chimanga a makilogalamu 50. M'buku lako la Chipwitikizi amati anã branca, a Chingerezi amati white dwarf.

Nkhungu ija sikhalitsa. Pakatha zaka pafupifupi 20,000 imakhala itamwazika, khala nalo litachepa mphamvu yoiunikira. Nyenyezi yonga dzuwa imakhala zaka pafupifupi 10 biliyoni. Tenga cholembera uwerengere wekha: ukayerekeza moyo wonsewo ndi zaka 70 za munthu, nkhunguyo imaoneka kwa ola limodzi ndi mphindi zochepa. Nchifukwa chake mu Mlalang'amba, momwe muli nyenyezi zoposa 100 biliyoni, nkhungu zoterezi zodziwika zangokhala 3,000 ndi zowonjezera pang'ono. Khalalo limatsala lokha, kumazizira kwa zaka mabiliyoni. Sirius, nyenyezi yowala koposa zonse usiku, ija imatuluka pambuyo pa Akamwiniatsatana, ili ndi khala lotere pambali pake. Alvan Graham Clark adaliona mu 1862 poyesa galasi latsopano la telesikopu. Zovala zake zidamwazika kalekale.

Pali nkhani ina imene ukaimvetsa ndiye kuti phunziro lonse walimva. Chakumwera, m'gulu la nyenyezi lotchedwa Vela, muli NGC 3132, Mphete ya Kumwera, imene John Herschel, mwana wa William uja, adaiona ali ku Cape Town mu 1835. Pakati pake pali nyenyezi yowala bwino, yoti ngakhale telesikopu yaing'ono imaiona, ndipo aliyense woiona koyamba amati mwini nkhungu ndi ameneyu. Koma akatswiri atayeza kutentha kwake adapeza kuti sikukwanira kuwalitsa mpweya wonsewo. M'ma 1970 mpamene adapeza kanyenyezi kena kozilala kwambiri, katabisala m'kuwala kwa yoyamba ija. Telesikopu ya James Webb, imene idanyamuka pa 25 Disembala 2021, idasankha nkhungu imeneyi kukhala pakati pa zithunzi zake zoyamba, zotuluka pa 12 Julaye 2022. Pa chimodzi mwa zithunzizo ziwirizo zikuoneka bwino lomwe, yowala ija ndi kanzake kofiirira, katafunda fumbi. Kofunda fumbiko ndiko kadavula zovala zonsezo, ndiko kakuziwalitsa. Yowalayo ikadali ndi moyo wake, nthawi yake yovula sinakwane. Ndimakumbukira bwalo la milandu la kumudzi kwathu ndili mwana. Mlendo akafika ankagwadira nduna yolankhula mokweza ija, osadziwa kuti mfumu ndi mkulu wovala jekete lakutha amene wakhala chete pampando wa ndalema.

Komabe nyenyezi zoyandikana nazo zili ndi gawo lake. Dzifunse kuti nyenyezi yobulungira ngati mpira ingatulutse bwanji nkhungu ya mapiko awiri ngati gulugufe, monga NGC 6302 ya m'gulu la Chinkhanira, imene khala lake lidabisala m'fumbi mpaka Hubble italiona mu 2009. Akatswiri ambiri lero amati nthawi zambiri pamakhala nyenyezi inzake yozungulira pafupi, imene imavundula mpweya wotulukawo ngati mthiko m'phala, nkuukhotetsa, kuufinya m'chiuno kapena kuuponya mbali ziwiri. Zobulungira bwinobwino nzochepa.

Funso: Aphunzitsi, kuno kutentha kwafika posauzana. Ndamva kuti dzuwa lidzafufuma nkumeza dziko. Kodi si zayamba kale zimenezi?
*Dalaivala wa lole, Moatize*

Achimwene, sizinayambe. Dzuwa lili ndi zaka 4.6 biliyoni, ndipo haidrojeni wa pakati pake akwanira zina pafupifupi 5 biliyoni. Nzoona kuti likuwonjezera kuwala pamene likukula, koma ndi 1 peresenti yokha pa zaka 100 miliyoni, moti inu ndi agogo a agogo anu mwaothera dzuwa limodzimodzi. Kutentha kwanuko nkwa chigwa cha Zambezi. Mzinda wa Tete uli pansi, mamita osafika 200 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene ife kuno tili oposa 1,200, nchifukwa chake inu mukagona panja ife timafunda mabulangete awiri. Chowonjezera cha zaka zino, chimene dziko lonse likudandaula, nchochokera ku utsi wa malasha ndi mafuta ndi kutha kwa nkhalango, osati ukalamba wa dzuwa.

Nthawi yake ikadzakwana, dzuwa lidzameza Mercury ndi Venus, Nthanda yathu ija. Dziko lathu, limezedwe kapena lipulumuke, lidzakhala litauma ndi kupserera kalekale. Kenako dzuwa lidzavula pafupifupi theka la kulemera kwake nkutsala khala. Kafukufuku wina wa mu 2018 adapeza kuti dzuwa lili pamalire penipeni pa nyenyezi zotha kuwalitsa nkhungu yake, choncho yathu idzaoneka, koma mozilala.

Poti muli ku Moatize, imvani ichi. Malasha a m'migodi yanuyo ndi kaboni wa zomera za zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo. Zomerazo zidamutenga mumpweya, koma sizidamupange. Gawo lalikulu la kaboni lidaphikidwa m'nyenyezi zonga ya Helix, zimene zidavula nkumwazika dzuwa lathu lisanabadwe. Lole yanu ikadzaza, mwasenza gaga uja ndimauza mayi a ku Domwe.

Funso: Aphunzitsi, ndikufuna kuonetsa ana anga a kalasi 6 diso limeneli ndi maso awo. Tiyang'ane kuti, ndipo tifunika chiyani?
*Mphunzitsi wamkazi, Tsangano*

Aphunzitsi anzanga, choyamba muwauziretu anawo kuti mitundu ya pa foni ija sakaiona, kuopa kuti angakutcheni wabodza. Kamera imasonkhanitsa kuwala kwa maola ambiri, pamene diso la munthu mumdima silisiyanitsa mitundu. Chimene akaone ndi kautsi kotuwa, kotambalala pafupifupi ngati mwezi wathunthu koma kozilala kwambiri, ngati chidindo cha chala pagalasi la zenera.

Ndi maso okha sichioneka. Pafunika magalasi oonera kutali aja a maso awiri, ndipo olembedwa 10x50 akwanira. Anga ndidagula kwa dalaivala wina pachipata cha Calómuè chaka chimene ndidapuma pantchito. Sankhani usiku wopanda mwezi, kutali ndi mababu. Pakati pa Okutobala cha m'ma 9 koloko usiku, kapena pakati pa Novembala kukangoda, gonani chagada pamphasa miyendo italoza kumwera. Pafupi ndi paliwombo, chakumwera pang'ono, muona nyenyezi imodzi yowala ili yokhayokha m'dera lopanda zinzake zowala. Imeneyo ndi Fomalhaut, dzina la Chiarabu lotanthauza kamwa la nsomba. Tambasulani mkono mufumbate nkhonya. Kuchoka pa Fomalhaut kulowera kumpoto chakumadzulo, mtunda wa nkhonya imodzi, mpamene pali Helix. Pulogalamu ya pa foni yotchedwa Stellarium ingakuthandizeni, koma muyang'aniretu muli m'nyumba. Panja foni ikhale m'thumba, chifukwa maso amafuna mphindi 20 kuti azolowere mdima, ndipo kuwala kamodzi kokha kumafafaniza zonse.

Ine masiku atatu oyamba sindidaone kanthu. Udali Okutobala, tchire likupsa ponseponse, thambo lili mbuu ndi utsi ndi fumbi. Ndinkakhala kuseri kwa khola la mbuzi, kumene babu la aneba silifika, nditadzikulunga bulangete. Tsiku lachitatu mayi a kunyumba adandiuza kuti kuchitsime kwayamba manong'onong'o: mkulu wopuma pantchito amakatani kukhola pakati pa usiku, maso ali kumwamba? Patapita masiku kudagwa chizimalupsa, nkutsuka thambo lonse, ndipo usiku womwewo magetsi adazima mtauni yonse. Ndidabwerera kukhola. Ndikayang'ana pamalopo mwachindunji, palibe. Nditapotoza maso pang'ono, ngati munthu woba kuyang'ana mbale ya mnzake, kautsi kaja kadatulukira chapambali. Ndikabwezera maso, kuthawa. Njirayi muwaphunzitse anawo, chifukwa m'mphepete mwa diso ndimo mumamva kuwala kofooka kuposa pakati. Inu ku Tsangano muli pamwamba kuposa ife, mababu ngochepa, muchipeza msanga. Ingodikirani mvula yoyamba.

Kadontho ka pakati musavutike nako. Nkozilala pafupifupi ka 1,000 kuposa nyenyezi yofooka kwambiri imene diso lingaone, ndipo kamafuna telesikopu yeniyeni. Helix ikakukanikani, yesani M27 ya Messier ija, imene ili chakumpoto madzulo a Ogasiti mpaka Okutobala. Ndi yaing'ono koma yowala, ndipo magalasi omwewo amaigwira mosavuta. Mphete ya M57 ili pafupi ndi nyenyezi yowala ya Vega, koma kuti bowo lake lioneke pafunika telesikopu. Ana makumi asanu pa magalasi amodzi sizingatheke. Tengani asanu asanu, makolo atavomera, aliyense ndi chofunda chake, poti kuzizira kwa kwanuko ndimakudziwa.

Usiku uja ndidakadzutsa mayi a kunyumba kuti adzaone chimene chinkandipezetsa mbiri ya ufiti. Adayang'ana nthawi yaitali, kupotoza maso monga ndidawauzira, kenako nkuti, "Bulangete lonse lanunkha mbuzi chifukwa cha kautsi kameneka?" Adabwerera kukagona. Kutacha adandibwereka magalasi aja kuti aone ngati ng'ombe za eni zalowa kudimba kutsidya kwa dambo, ndipo kuyambira tsiku limenelo amakolekedwa kuseri kwa chitseko cha khitchini. Ndikawafuna ndimachita kupempha.